Misewu yomwe inang'amba midzi ya anthu akuda ku America

Pakati pa 1957 ndi 1977, ntchito yomanga misewu ikuluikulu ku United States inasamutsa mabanja oposa 475,000, omwe ndi anthu opitirira 1 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha unduna wa zamtengatenga wa dzikolo. Misewu imeneyi, yomwe eni ake amaitchula kuti freeway kapena Interstate, imakhala ndi mizere ya magalimoto inayi, isanu ndi umodzi ngakhale kuposa apo. Ilibe maloboti, ilibe mphambano, ndipo munthu wapansi saloledwa kuiwoloka. Kunja kwa mizinda inadutsa m'minda ndi m'tchire, koma m'mizinda inafuna malo omwe munali kale anthu. Nthawi zambiri malo osankhidwawo anali a anthu akuda, a anthu ochokera ku Mexico ndi a amphawi ena. Papita zaka zoposa 60, misewuyo yakalamba ndipo ikufunika kumangidwanso, ndiye funso lomwe linakwiriridwa pansi pa konkire ladzuka: kodi mabanja aja anataya chiyani, ndipo angabwezeredwe motani?

Lamulo la 1956 ndi mapu ofiira

Pa 29 June 1956, mtsogoleri wa dzikolo Dwight Eisenhower anasainira lamulo lotchedwa Federal-Aid Highway Act. Lamuloli linaloleza ndalama zokwana $25 biliyoni zomangira misewu yotalika makilomita pafupifupi 66,000. Boma lalikulu la ku Washington linkalipira $90 pa $100 iliyonse, kuchokera ku msonkho wa mafuta a galimoto, koma osankha podutsa msewu anali akuluakulu a misewu a m'chigawo chilichonse pamodzi ndi makhonsolo a mizinda. Kwa khonsolo, ndalama zoterozo zinali mwayi wogwetsa nyumba zomwe inkaziona ngati zonyansa popanda kukhudza kwambiri thumba lake.

Kutchipa kwa malo a anthu akuda sikunangochitika kokha. M'zaka za m'ma 1930, bungwe la boma la Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda yoposa 200, n'kugawa madera m'magulu anayi potengera chiopsezo chobwereketsako ndalama. Madera okhala anthu akuda pafupifupi onse anapakidwa utoto wofiira, kutanthauza kuti ndi oopsa. Bungwe lina la boma, Federal Housing Administration, linkakana kuikira kumbuyo ngongole zogulira nyumba m'madera otero, mabanki nawo n'kumapewako. Mwini nyumba wosowa ngongole ankalephera kusintha denga kapena mapaipi, nyumba n'kuyamba kutha. M'madera ena ambiri, zikalata za malo zinkakhala ndi mawu oletsa kugulitsa nyumba kwa munthu wakuda, choncho anthu ankapanikizana m'dera limodzi. Pofika 1956, akatswiri a misewu ankangoloza pa mapu n'kunena kuti apa m'potchipa, apa m'pakutha. Boma linali kugula motchipa malo omwe ilo lomwe linawagwetsa mtengo.

Pena cholinga chinkaonekeratu poyera. Ku Alabama, mkulu wa misewu Sam Engelhardt anali mtsogoleri wa gulu la azungu lolimbikitsa tsankho, ndipo msewu wa I-85 unalunjikitsidwa m'dera la anthu akuda ophunzira mumzinda wa Montgomery, komwe kunkakhala m'busa Ralph Abernathy, mnzake wa Martin Luther King Jr.

Rondo

Dera la Rondo, mumzinda wa St. Paul m'chigawo cha Minnesota, likuonetsa bwino momwe zinthu zinkayendera. Pofika m'ma 1950, anthu akuda pafupifupi 8 mwa 10 alionse a mumzindawo ankakhala m'makwalala ozungulira Rondo Avenue. Abambo ambiri ankagwira ntchito m'sitima zapamtunda, kunyamula katundu ndi kuperekera chakudya, ena m'mafakitale a nyama. Kunali tchalitchi cha Pilgrim Baptist, chomwe chinayambitsidwa m'ma 1860 ndi anthu othawa ukapolo ku Missouri, kunali malo a achinyamata a Hallie Q. Brown otsegulidwa mu 1929, magolosale, malo ometera, malo okonzera maliro ndi makalabu a chisangalalo. Roy Wilkins, yemwe anadzatsogolera bungwe lomenyera ufulu la NAACP, anakulira mumzinda womwewu wa St. Paul.

Njira ina inalipo. George Herrold, mkulu wokonza mapulani a mzindawo, anapempha kuti msewu wa I-94 udutse chakumpoto motsata njanji, komwe kunali nyumba zochepa. Akuluakulu anakana, ponena kuti njira yapakati ndiyo yachidule pakati pa St. Paul ndi Minneapolis. Anthu a ku Rondo, motsogozedwa ndi m'busa Floyd Massey ndi Timothy Howard, sanathe kusuntha msewuwo. Chomwe anapambana n'chakuti ukumbidwe pansi ngati ngalande m'malo mouyendetsa pamwamba pa zipilala, kuti pakhale timilatho tolumikiza mbali ziwirizo. M'busa wina wokalamba, George Davis, anakana kutuluka m'nyumba mwake ndipo anaima pakhomo ndi mfuti mpaka apolisi anamuchotsa.

Ntchito inayamba mu 1956, msewu n'kutsegulidwa mu 1968. Mabanja oposa 600 anataya nyumba, mabizinesi pafupifupi 300 anatsekedwa kapena kugwetsedwa, ndipo munthu wakuda mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse mu St. Paul anasamutsidwa. Msewu wa Rondo Avenue unamezedwa, ndipo mbali yomwe inatsala inapatsidwa dzina lina, Concordia Avenue.

Nkhani yomweyo m'mizinda ina

Ku Miami, dera la Overtown ndilo linkasunga oimba otchuka akuda, omwe ankaimba m'mahotela a ku Miami Beach koma osaloledwa kugonamo. Misewu ya I-95 ndi I-395 inakumanirana pakati penipeni pa deralo m'ma 1960, ndipo chiwerengero cha anthu chinatsika kuchoka pa 40,000 kufika pa 10,000 kapena kucheperapo. Ku Detroit, msewu wa I-375 unagona pomwe panali Hastings Street, mtima wa malonda wa madera a Black Bottom ndi Paradise Valley. Ku Tulsa, anthu a ku Greenwood anamanganso dera lawo litatenthedwa ndi chigulu cha azungu mu 1921, koma msewu wa I-244 unadzadula pakati pake kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ku Los Angeles, msewu wa I-10 unadula Sugar Hill, komwe kunkakhala anthu akuda olemera, ndipo misewu ingapo inapiringizana mu Boyle Heights, dera la mabanja ochokera ku Mexico.

Ku New Orleans, msewu wa Claiborne Avenue m'dera la Tremé unali ndi bwalo lalitali pakati, lodzala mitengo ikuluikulu ya oak. Pansi pa mitengoyo ana ankasewera, mabanja ankadyera limodzi, ndipo anthu akuda ankachitirapo chikondwerero chawo cha Mardi Gras pa nthawi yomwe sankalandiridwa ku zikondwerero za azungu. Mu 1966 makatapila anazula mitengoyo, pamwamba pake n'kudutsa msewu wa I-10. Lero pamalopo pali mthunzi wa konkire ndi phokoso la malole. Mu 2002 akatswiri ojambula anajambula mitengo ya oak pa zipilala za msewuwo, ndipo magulu oimba malipenga amakondabe kudutsa pansi pake chifukwa kulira kwa malipenga kumamveka kwambiri pamenepo.

Okana analipo, koma si onse anamveredwa

Mumzinda womwewo wa New Orleans munakonzedwa msewu wina woti udutse m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, kutsogolo kwa French Quarter, dera lakale lokopa alendo. Anthu achuma ndi okonda nyumba zakale analimbana nawo, ndipo mu 1969 nduna ya zamtengatenga John Volpe inauletsa. Ku Nashville, anthu akuda anasumira boma mu 1967 pofuna kuteteza Jefferson Street ndi masukulu awo aukachenjede monga Fisk ku msewu wa I-40, koma anagonja. Mu 1971, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linaimitsa msewu womwewo wa I-40 ku Memphis pofuna kuteteza paki ya Overton. Lamulo la 1966 linkateteza mapaki ndi malo osungira mbiri, koma panalibe lamulo lotere loteteza mudzi wa anthu. Ku Washington, komwe azungu ndi akuda anagwirizana pansi pa utsogoleri wa Reginald Booker ndi Sammie Abbott, misewu ingapo inalephereka ndipo ndalama zake zina zinapita ku sitima za mumzinda.

Malamulo anasintha mochedwa. Lamulo lokakamiza boma kufufuza kaye momwe ntchito ikhudzire chilengedwe ndi anthu linayamba kugwira ntchito mu 1970, ndipo mu January 1971 kunasainidwa lamulo la Uniform Relocation Act lokhazikitsa thandizo loyenera kwa osamutsidwa. Apa n'kuti madera ambiri atagwa kale.

Zomwe zinatayika

Malamulo a dziko la America amalola boma kutenga malo a munthu pofuna ntchito yothandiza onse, bola limulipire mtengo wa pamsika. Vuto linali pa mtengowo. Nyumba ya m'dera lofiira inkayesedwa pa mtengo wotsika, ndipo mphekesera ya msewu ikangomveka mtengo unkatsikiratu. Ndalama zomwe banja linkalandira sizinkakwana kugula nyumba yofanana nayo kwina, komanso kwinako ankakanizidwa chifukwa cha khungu. Ambiri omwe anali eni nyumba anasanduka a lendi. Anthu omwe ankachita lendi kale, m'zaka zoyambirira, sankalandira kanthu kupatula kalata yowauza tsiku lotuluka. Mwini golosale ankalipidwa za nyumba, koma makasitomala omwe anawasonkhanitsa kwa zaka 20 ankabalalika popanda wowerengera.

Ku America nyumba ndiyo chuma chachikulu cha banja wamba. Imakwera mtengo, imakhala chikole cha ngongole ya sukulu kapena ya bizinesi, ndipo imasiyidwira ana. Banja lomwe linataya nyumba mu 1960 linatayanso kukwera kwa mtengo kwa zaka zonse zotsatira. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, anapeza kuti mu 2022 banja lapakatikati la azungu linali ndi chuma cha $285,000, pomwe la anthu akuda linali ndi $44,900. Misewu si yokhayo yomwe inabweretsa kusiyana kumeneku, koma inachotsa chuma m'malo enieni omwe anthu akuda anali atayamba kuchiunjika. Inathandizanso azungu kusamukira kunja kwa mizinda n'kumabwera ku ntchito pa galimoto, misonkho yawo n'kupita nawo, masukulu a m'kati mwa mzinda n'kutsala osauka.

Otsala m'mphepete mwa misewu analandira utsi. Bungwe la Health Effects Institute linanena mu 2010 kuti mpweya woipa wa magalimoto umakhala wochuluka mpaka mamita 300 kapena 500 kuchokera pa msewu waukulu, ndipo umakulitsa matenda a mphumu mwa ana. Madera a kummwera kwa Bronx ku New York, komwe kunadutsa msewu wa Cross Bronx, ali m'gulu la madera omwe mphumu yafala kwambiri m'dzikolo. Konkire amasunganso kutentha, phokoso limasokoneza tulo, ndipo timisewu tolowera ndi kutulukira mu freeway timakhala toopsa kwa oyenda pansi.

Chovuta kuwerengera ndi ubale. Tchalitchi chinkatsala tsidya lina, akhristu ake tsidya lina. Mwana yemwe ankaleredwa ndi khwalala lonse anapezeka pakati pa anthu osamudziwa. Ku St. Paul, Marvin Anderson ndi Floyd Smaller anayambitsa chikondwerero cha Rondo Days mu 1983 kuti anthu obalalikawo azikumana kamodzi pa chaka.

Kukonza konkire

Njira yoyamba yokonzera zinthu ndi yokhudza msewu weniweniwo: kuugwetsa, kuukwirira kapena kuufundika denga. Mzinda wa Rochester unakwirira gawo la msewu wa Inner Loop lotalika pafupifupi kilomita imodzi pakati pa 2014 ndi 2017, pa mtengo wa $22 miliyoni, ndipo pamalopo panamangidwa nyumba ndi mashopu a ndalama zoposa $200 miliyoni. Ku Syracuse, ntchito ya $2.25 biliyoni yochotsa mlatho wa I-81, womwe unaphwasula dera la 15th Ward, inayamba mu 2023. Ku St. Paul, bungwe la ReConnect Rondo likufuna kumanga denga pamwamba pa ngalande ya I-94, kuti pamwambapo pakhale nyumba, mabizinesi ndi paki.

Ndalama za boma lalikulu zakhala zikubwera ndi kubwerera. Mu March 2021, mtsogoleri Joe Biden anapempha $20 biliyoni zolumikiziranso madera odulidwa ndi misewu, n'kutchula Claiborne ndi Syracuse ngati zitsanzo. Nyumba ya malamulo inavomera $1 biliyoni yokha mu November chaka chomwecho, kenako n'kuwonjezera zoposa $3 biliyoni mu 2022. Mu July 2025, lamulo latsopano la bajeti linalanda gawo lalikulu la ndalama zowonjezerazo lomwe linali lisanaperekedwe, ndipo mizinda ina monga Portland inatsala ndi mapulani opanda ndalama.

Kuchotsa msewu kulinso ndi msampha wake. Utsi ndi phokoso zikachoka, malo amakwera mtengo, lendi imakwera, msonkho wa nyumba umakwera, ndipo anthu omwe anapirira msewuwo kwa zaka 50 amatha kusamutsidwa kachiwiri, ulendo uno ndi msika. Ku Detroit, komwe boma linapereka $104.6 miliyoni mu 2022 kuti I-375 isanduke msewu wamba, mkangano waukulu wakhala pa funso lakuti malo omasukawo adzakhala a yani. N'chifukwa chake magulu ambiri amafuna kuti malo otere aziikidwa m'manja mwa bungwe la anthu a m'deralo, lomwe limasunga nthaka n'kumagulitsa nyumba zokha pa mtengo wofikirika.

Kubwezera anthu

Njira yachiwiri ikulunjika pa mabanja. Ku St. Paul zinayamba ndi kupepesa: mu July 2015 meya Chris Coleman ndi mkulu wa misewu m'chigawo cha Minnesota, Charlie Zelle, anapepesa pamaso pa anthu a ku Rondo. Mu 2021 khonsolo inapepesa pa tsankho lomwe mzindawo unachita, ndipo mu 2023 inakhazikitsa komiti yokhazikika yoona za chipepeso. Chaka chomwecho meya Melvin Carter, munthu wakuda woyamba pa udindowo komanso mdzukulu wa banja lomwe linataya malo ku Rondo, anatsegula thumba la Inheritance Fund. Ana ndi zidzukulu za eni malo omwe anatengedwa ndi I-94, ngati amapeza ndalama zochepa, angalandire mpaka $110,000 yoyambira kugula nyumba, kapena ndalama zocheperapo zokonzera yomwe ali nayo. Ndi ngongole yomwe imakhululukidwa munthu akakhala m'nyumbamo zaka zoikika. Mu 2024 dzina la Rondo Avenue linabwezeretsedwa pa zikwangwani.

Mizinda ina yatenga njira ya ufulu wobwerera. Portland, komwe msewu wa I-5 unadula dera la Albina, imaika patsogolo pa mndandanda wa nyumba zotsika mtengo anthu omwe iwo, makolo awo kapena agogo awo ankakhala kumeneko, ndipo oyambirira ndi omwe malo awo anatengedwa ndi mzinda. Santa Monica inayamba ndondomeko yofanana nayo mu 2022, ya mabanja 100 osamutsidwa ndi I-10 ndi ntchito zina za mzinda. Ku Evanston, pafupi ndi Chicago, khonsolo inavomera mu 2021 kupereka $25,000 kwa anthu akuda omwe anakhala mumzindawo pakati pa 1919 ndi 1969 ndi zidzukulu zawo, ndalama zake kuchokera ku msonkho wa chamba chololedwa. Ku Tulsa, meya Monroe Nichols analengeza mu June 2025 thumba la $105 miliyoni lothandiza Greenwood pa nyumba, maphunziro ndi mabizinesi.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Funso loyamba ndi la woyenera kulandira. Mwini nyumba amapezeka m'mabuku a malo, koma wa lendi sanasiye dzina paliponse kupatula m'kaundula wa tchalitchi, wa sukulu kapena m'buku la manambala a lamya. Ndondomeko yodalira chikalata cha umwini imasiya kunja anthu omwe anali osaukitsitsa. Lachiwiri ndi la kuchuluka kwake. Ena amati awerengere kusiyana kwa mtengo wolipidwa ndi mtengo weniweni wa nthawiyo, ena amati awerengere mtengo womwe nyumbayo ikanakhala nawo lero, kenako agawire zidzukulu zomwe mwina zakwana 30 ndipo zili m'zigawo zosiyanasiyana. Thandizo lomangirira pa nyumba silifikanso kwa nkhalamba yomwe sikufuna ngongole, kapena kwa mdzukulu yemwe sangakwanitse mitengo ya lero ngakhale atapatsidwa poyambira.

Lachitatu ndi la malamulo. Khoti lalikulu litagamula mu June 2023 kuti masukulu aukachenjede asamayang'ane mtundu wa munthu posankha ophunzira, ndondomeko iliyonse yotchula khungu ili pa chiopsezo. Bungwe la Judicial Watch linasumira Evanston mu 2024 pa chifukwa chimenechi. Ndondomeko za St. Paul, Portland ndi Santa Monica zimayang'ana adiresi ndi mzere wobadwira, osati khungu, ndipo zimenezi zimazipatsa poimira polimba. Makhoti pawokha sanathandize kwenikweni: mu June 2024 khoti lalikulu la Oklahoma linathetsa mlandu wa opulumuka chiwembu cha mu 1921 cha ku Tulsa. Ku California, komiti ya boma yoona za chipepeso inatulutsa lipoti lake lomaliza mu June 2023, koma mu 2024 bwanamkubwa Gavin Newsom anakana kusainira bilu yothandiza mabanja olandidwa malo mwatsankho, ponena kuti panalibe ofesi yoti iyendetse ntchitoyo.

Otsutsa chipepeso amati okhometsa msonkho a lero sanalakwe, kuti azungu osauka nawonso anasamutsidwa, komanso kuti misewuyo inapindulira dziko lonse. Ochirikiza amayankha kuti wolakwa anali boma, lomwe lilipobe ndipo limalipira ngongole zake zina zakale, kuti ndondomeko yotsata adiresi imafikira aliyense wosamutsidwa posayang'ana mtundu, ndiponso kuti phindu la onse silinayenere kulipiridwa ndi ochepa.

Pamene mkanganowu ukupitirira, misewu ikukulitsidwabe. Ku Houston, ntchito yokulitsa I-45 ikuyembekezeka kuchotsa nyumba zoposa 1,000 ndi mabizinesi mazana angapo, makamaka m'madera a anthu akuda ndi olankhula Chisipanishi. Boma lalikulu linaimitsa ntchitoyo mu 2021 kuti lifufuze madandaulo a tsankho, kenako linailola mu 2023 chigawo cha Texas chitalonjeza ndalama za nyumba zotsika mtengo ndi thandizo lowonjezera kwa osamutsidwa. Osamutsidwa a lero ali ndi malamulo owateteza omwe agogo awo analibe, koma misewu ikukulitsidwa m'mphepete mwa njira zomwe zinasankhidwa m'ma 1950, choncho madera omwe anadulidwa poyamba ndi omwenso akuperekanso malo.